Kamunthu Kobwerera Kuchigwa

Sunthirani kufupi, poti nkhani iyi si yokamba mokweza mawu. Ena mwa inu mukumudziwa Zione Nakhumwa, mtsikana wamtali uja wa kwa Namalowe, kuseri kwa Phalombe, amene anaphunzira za makompyuta n'kukapeza ntchito ku Zomba. Mukadzakumana naye musadzamufunse. Adzangomwetulira, n'kukufunsani za mvula ya kwanu.

Zione ankagwira ntchito pa kabungwe kena kamene kanachita lendi nyumba yakale ya njerwa zofiira m'tsinde mwa phiri. Ogwira ntchito enieni anali awiri, iyeyo ndi Vitumbiko, mnyamata wa ku Rumphi wokonda nthabwala ndi tiyi wa shuga wambiri. Awiriwa ankapanga gemu, koma sinali ya mpira kapena ya nkhondo ayi. Anamanga mudzi wathunthu m'kompyuta, wa nyumba zake, minda yake, mtsinje, tinjira tachidule ndi tchalitchi pa chitunda. M'mudzimo anaikamo tianthu tambirimbiri, tating'ono ngati nyerere, tokhala ndi nzeru zochita kupangidwa. Ukadina batani mvula inkayamba, mtsinje n'kudzaza, phiri n'kutsitsa matope, ndipo tianthuto tinkayenera kudzipezera tokha kothawira. Poyamba tinkafa ngati ngumbi. Kena kankathamangira mumtsinje momwemo, kena kankangozungulira mtengo mpaka madzi kukapeza. Koma akabwereza masewerowo tinkaphunzira, lero pang'ono, mawa pang'ono. Cholinga chinali choti gemuyo ikayende m'masukulu ndi m'midzi ya m'mphepete mwa mapiri, anthu aziona ndi maso awo kuti tsiku loipa likafika, njira ndi iti.

Mudzi umene Zione anasankha kuujambula unali wakwawo. Vitumbiko anamufunsapo chifukwa chake, iye anangoti, "Ndimaudziwa." Mnyamatayo sanafunsenso. Anali atamva kale kuti mudziwo kulibenso, kuti dzinja lina phiri linagumuka, ndipo pamene panali nyumba pano pali miyala ikuluikulu ngati njovu zogona.

Chimene sankachidziwa ndi nkhani ya Sailesi. Ameneyu anali mchimwene wake wa Zione, ndipo ndi amene anamulera mayi awo atamwalira. Ankapalasa kabaza. Ali mwana anagwa mumtengo wa mango n'kuthyoka mwendo, moti poyenda ankatsimphina, ndipo akamapalasa njinga inkachita ngati ikugwedeza mutu kuvomera nkhani. Iye ankamutcha mlongo wakeyo "Madamu" kuyambira tsiku limene anasankhidwa kupita ku sekondale, ndipo ngakhale pagulu ankamuvulira chipewa mpaka Zione kuthawa ndi manyazi.

Tsiku la ngoziyo Sailesi ndiye anayamba kumva phiri likubuula. Anakwera njinga mumdima, n'kumaliza belu khomo ndi khomo. Anthu ambiri anafika ku tchalitchi cha pa chitunda chifukwa cha iye. Atafikako iyeyo anayang'anayang'ana mkazi wake Eneti, amene anali ndi pakati potopa, koma sanamuone. Anatsikanso kuchigwa. Pamenepo n'kuti Eneti ali m'tchalitchi momwemo, amayi anzake atamugoneka kuseri kwa mabenchi. Sailesi sanapezeke, ngakhale nsapato yake yokha.

Za ku Zombazo zinayamba ndi fungo.

M'mawa wina Zione atatsekula ofesi anamva fungo la dothi lonyowa, lija la pansi penipeni, limene limatuluka anthu akamakumba chitsime. Vitumbiko anati denga likudontha. Anakwera pa mpando, anagogoda siling'i, anasuzumira kuseri kwa kabati, koma monse munali mouma. Anatsekula mawindo. Fungolo linangosuntha n'kukakhala pafupi ndi tebulo la Zione, ngati mlendo amene wasankha mpando.

Masana ake Zione anadina batani monga mwa masiku onse. Mvula ya m'kompyuta inayamba. Tianthu tinali titaphunzira bwino tsopano, tinatuluka m'nyumba n'kukwera chitunda mondondozana ngati linthumbu. Tonse tinafika. Kenako kamodzi kanatembenuka n'kuyamba kutsika.

"Vitu, tabwera udzaone chitsiru chakochi," anatero Zione akuseka.

Vitumbiko anabwera ndi kapu yake m'manja, n'kuwerama. "Kameneka si kanga. Tanga tonse tili ndi nambala pamutu. Aka kalibe."

"Ndiye kachokera kuti?"

"Penapake talakwitsa. Tazimitsa, uyambenso."

Anayambanso. Tonse tinakwera, ndipo kamodzi kanatembenuka. Vitumbiko anakhala pa kompyuta yake mpaka tiyi kuzizira, akufufuza mzere ndi mzere pamene kamunthuko kanalembedwa. Sanapeze kanthu. Anakanda m'mutu, n'kunena kuti m'kompyuta mulibe chimene chimangomera ngati bowa, mawa akapeza.

Zione anali ataona china. Tianthu tonse tinkayenda mofanana, poti Vitumbiko mwa ulesi wake anajambula kayendedwe kamodzi kokha. Koma aka kankati kakaponda ndi mwendo wamanzere, phewa linkatsika pang'ono. Zione anayang'ana kumbali, anadzithirira madzi akumwa mpaka ena kutayikira pa siketi. Anadziuza kuti ndi maso otopa.

Mawa lake anadikira kuti Vitumbiko apite kukagula chimanga chootcha, ndiye anakakulitsa kamunthuko pa galasi la kompyuta n'kukatsatira. Nkhope kanalibe, monganso tinzake tonse. Kanatsika chitunda, kanadutsa pa mjigo, kanalambalala munda wa nandolo, n'kulowa kanjira kachidule kamene Zione anakajambula mongokumbukira. Kanaima pa nyumba ya Sailesi, ya khomo loyang'ana kum'mawa, ya mtengo wa mango pabwalo. Kanakweza dzanja n'kuyamba kugogoda.

Palibe amene anatiphunzitsa tianthuto kugogoda.

Kanagogoda, kanagogoda, ndipo matope anafika kuchokera kuphiri n'kukwirira zonse. Galasi linabwerera pa mudzi wouma wa dzuwa lowala, wodikira kuti wina adinenso batani.

Apo ndi pamene Zione anamva belu la njinga. Ngiri-ngiri, patali, ngati lochokera kuseri kwa khoma. Gemuyo inali isanapatsidwe mawu aliwonse, ngakhale a mvula. Anathamangira pawindo. Pamsewu panali nkhungu yokha yotsika kuphiri, ndi Vitumbiko ataima pageti, chimanga m'manja, akucheukacheuka.

"Wamva?" anafunsa Vitumbiko atalowa.

"Chiyani?"

"Njinga. Ndinapatuka kuti idutse." Anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa pakamwa pokha. Tsiku limenelo chimanga chake sanachimalize.

Sabata imeneyo Zione anayesa zonse zimene mutu wake unamuuza. Anamanga khoma pakati pa chitunda ndi chigwa, kamunthuko kanalitsata mpaka kumapeto n'kulizungulira. Anachotsa mlatho, kanawoloka pa miyala. Anafafaniza nyumba ija yonse pamodzi ndi mango wake, koma kanakaima pa bwalo lopanda kanthu n'kumagogoda mphepo. Pomaliza anapanga kamunthu kachikazi, anakaveka chitenje chobiriwira, anakatcha Eneti, n'kukaimika pakhomo penipeni pa tchalitchi. Kotsimphinako kanafika pa chitunda, kanaima, mutu ukuyenda uku ndi uku pakati pa gulu. Kanadutsa chidolecho ngati chitsa, n'kutsika. Zonse zitakanika, Zione anabwezeretsa mudziwo monga unalili.

Ulendo uliwonse matope ankakapeza dzanja lili m'mwamba. Zione anasiya kudya bwino. Akalumbira kuti sadinanso batani, chala chinkapita chokha, poti mtima unkafuna kuonanso phewa lija likutsika. Akadina, ankadziwa kuti wamutumizanso m'madzi.

Lachisanu Vitumbiko anamukhazika pansi. "Zione, akuluakulu akubwera sabata yamawa kudzaona gemuyi. Sitingawaonetse kamunthu kophunzitsa ana kubwerera kumene kuli imfa. Lolemba ndifafaniza zonse, tiyambirenso pa fayilo yakale." Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Ukukadziwa, eti?"

Zione anagwedeza mutu kuvomera.

"Ndiye tenga laputopu, ukakhale nako mpaka Lolemba. Ine zimenezi sindizitha. Kwathu tikanaitana akuluakulu, osati a makompyuta."

Zione anatuluka mu ofesi dzuwa litangolowa, mvula ya mawawa ikugwa. Atafika pamsewu anakumbukira kuti ambulera waisiya kuseri kwa chitseko, koma kubwerera m'nyumba ya fungo lija kunamulaka. Anakumbatira chikwama cha laputopu n'kuima pansi pa mtengo. Maminibasi ankadutsa odzaza.

Njinga inatuluka m'nkhungu n'kuima patsogolo pake, iye asanaiitane. Wopalasayo anavala chijasi cha pulasitiki ndi chipewa chotsikira kumaso. Sanapereke moni, sanafunse kuti akupita kuti. Anangopendeketsa njinga monga amachitira a kabaza pofuna kuti mayi akwere bwino. Zione anakwera.

Atayenda pang'ono anazindikira kuti njingayo ikugwedeza mutu. Mwendo umodzi unkakankha mwamphamvu, wina n'kumangotsatira. Fungo la dothi la m'chitsime linamuzinga. Anafuna kudumpha, anafunanso kuti msewu usathe. Wopalasayo ankalambalala maenje onse mosamala, ngati wanyamula mazira. Pa chitunda cha ku Chinamwali, pamene ena amatsitsa munthu kuti ayende pansi, iye anangoimirira pa mapedulo n'kukwera, osamveka ngakhale kupuma. Zione anatambasula dzanja pang'onopang'ono n'kuliika pamsana pake. Panali pozizira ngati mtsuko wa m'mawa. Sanalichotse.

Njinga inaima pa geti la nyumba imene ankachita lendi, malo amene sanawatchule. Anatsika, anawerama kuti akonze chikwama, ndipo podzutsa mutu panali msewu wokha. M'matope munali mapazi ake okha, mzere wa tayala munalibe. Atafika pakhonde anapeza ambulera yake itatsamira chitseko, yopindidwa bwinobwino, ikudontha madzi.

Anaima pamenepo akuyang'ana ambulerayo. Kenako anati, mawu ake osapitirira khonde, "Zikomo, achimwene."

M'mawa mwake, akuchapa, anamva "Odi!" pageti. Anali Eneti, mlamu wake, atabereka mwana kumsana, kathumba ka mbatata pamutu. Sanatumize uthenga kuti akubwera. Mwanayo anali Lusia, amene anabadwa patangopita masabata ochepa phiri litagumuka, ndipo tsopano anali woyenda ndi woyankhula zake zosamveka. Anali ndi mphumi ya bambo ake yeniyeni.

Atalonjerana, atamwa madzi, atakamba za mbewu ndi za chifuwa cha mwana, Eneti anayamba kupotapota nsonga ya chitenje.

"Alamu, ndabwera ndi nkhani ziwiri. Yoyamba ndi ya manyazi."

"Nenani, alamu. Muli pakhomo panu."

"Kuli bambo wina kumalo atsopano kuja anatisamutsira. Ndi kalipentala, mkazi wake anapitanso tsiku lomwe lija. Wandifunsira. Ndi munthu wofatsa, Lusia amamuthamangira. Akuluakulu akuti nthawi yakwana, achite mwambo andimasule."

Zione anamugwira dzanja. "Palibe cha manyazi pamenepo. Achimwene sakanafuna kuti mukalambe nokha."

"Ndikudziwa. Koma yachiwiriyi." Eneti anayang'ana kukhomo, kenako anatsitsa mawu. "Sabata yonseyi ndikumva kugogoda. Masanasana, dzuwa lili pamutu. Si pa chitseko changa ayi, ndimatsekula osapeza munthu. Kumamveka patali, ngati pa chitseko cha nyumba yathu yakale ija. Ndimakudziwa kugogoda kwawo, alamu, ankagogoda ndi chikhatho, osati ndi zala. Kumagogoda, kumagogoda, kenako zii. Pakapita nthawi kuyambanso. Ndiye ine ndingalowe bwanji m'nyumba ya mwamuna wina, wanga akundifunafunabe?"

Zione anakumbukira dzanja la kamunthu kaja. Anaganiza za ulendo uliwonse umene chala chake chinadina batani. Anafuna kubisa, poti anaopa kumutsekula bala mayi amene linali litayamba kupola. Tsiku lonse anazengereza. Anaphika, anasambitsa Lusia, anamuluka tsitsi mlamu wake, akukamba za anthu akumudzi. Koma chakumadzulo mitambo inatsika kuphiri, kunja kunada nthawi isanakwane, magetsi n'kuzima. Mvula itayamba kumenya malata, Eneti anadzikunga pa mphasa, maso ali kudenga, milomo ikuyenda. Zione anaona kuti mayiyu chiyambire tsiku lija mvula iliyonse imamubwezera m'tchalitchi muja.

Anatulutsa laputopu n'kuiika pa mpando. "Alamu, bwerani muone ntchito imene ndimagwira. Koma limbani mtima."

Kuwala kwa galasi kunadzaza chipinda. Eneti anasendera, anayang'anitsitsa, kenako anagwira pakamwa.

"Mayo! Uwu si mjigo wathu? Iyi ndi nyumba ya a Nagama! Alamu, mwaubweza mudzi?" Anaseka misozi ikutsika, chala chikuyenda pa galasi. "Koma khola la mbuzi mwaliika kolakwika, linali kuseri. Ndipo apa panali nkhokwe, mwaiwala. Iii, mango wathu!"

Zione anamulekerera kuti ayende m'mudzi monse, atchule nyumba iliyonse ndi mwini wake, amoyo ndi opita. Kenako anamufotokozera za tianthu, za mvula ya m'kompyuta, ndi za kamodzi kamene palibe anakalemba.

"Dinani," anatero Eneti.

Mvula ya m'galasi inayamba, yopanda mawu, koma ya padenga inkaiyankhulira. Tianthu tinakwera chitunda. Kamodzi kanaima, kanayang'ana uku ndi uku, n'kutembenuka. Kataponda kawiri kokha Eneti anagwira mkono wa Zione mpaka zikhadabo kulowa.

"Ndi iwowo."

Anaonerera kakutsika, kakudutsa pa mjigo, kakuima pakhomo. Dzanja litakwera, Eneti anatseka makutu, ndipo Zione anadziwa kuti mlamu wake akumva chimene iye sakumva. Matope atafika Eneti analira kulira kwa pamaliro, kumene sanalire bwino nthawi ija poti panalibe mtembo wolirira.

Atatonthola anapukuta nkhope ndi chitenje. "Anthu amaganiza kuti ndinali chikomokere. Ayi, alamu. Ndinawamva. Anaima pakhomo la tchalitchi n'kufunsa kuti, 'Mkazi wanga mwamuona?' Ndinayankha. Ndinakuwa ndi mphamvu zanga zonse kuti ndili muno. Koma malata ankalira ngati leromu, ana akulira, amayi akupemphera mokweza. Mawu anga sanafike pakhomo. Pamene amayi ena ankathamanga kukawauza, n'kuti atatsika kale." Anapumira m'mwamba. "Dinaninso."

"Alamu, chipangizochi chilibe makutu. Tianthuti sitimamva mawu a kunja."

"Inu dinani. Makutuwo ndi awo, si a chipangizo."

Zione anadina. Batire linali litatsala pang'ono, kachizindikiro kake katafiira pakona. Tianthu tinakwera. Kotsimphina kanatembenuka.

Eneti anagwada pamaso pa mpando. "A Nakhumwa!" anaitana, monga ankamuitanira mwamuna wake pa anthu. "A Nakhumwa, ndili kuno!"

Mvula inachita ngati yamva, inawirikiza. Malata anabangula moti Zione ankangoona pakamwa pa mlamu wake pakuyenda. Kamunthu kanadutsa pa mjigo. Zione naye anayamba kukuwa, "Achimwene! Achimwene, bwererani!" Manyazi onse a sukulu anathera pomwepo. Amayi awiri akuluakulu anagwada mumdima, akukuwira kagalasi. Kamunthu kanalambalala munda wa nandolo, kanalowa kanjira kachidule, kanafika pakhomo, n'kukweza dzanja.

Phokosolo linadzutsa Lusia, amene anagona pa mphasa kumbuyo kwawo. Mwanayo analira kulira kumodzi kwakuthwa, kuja kobowola m'makutu, kumene ngakhale malata sangakukwirire.

Dzanja la kamunthu linaima m'malere.

Mphepo inatembenuka kunja, mvula n'kuchepa mwadzidzidzi monga imachitira ikamakoka mpweya. M'kachetechete ameneyo Eneti ananyamula mwana, anamuika pachifuwa, n'kuyankhula osakuwa, ndi mawu a m'nyumba, amene mkazi amayankhulira mwamuna wake anthu onse atagona.

"Bambo a Lusia. Ndi mwana wanu ameneyo, ndi wamkazi. M'nyumbamo mulibe munthu. Tili kuno kumtunda, tonse, ndi Madamu anu omwe. Tatuluka kalekale. Bwerani."

Dzina limenelo Sailesi sanaitanidwepo nalo ali moyo.

Kamunthu kanatsitsa dzanja. Kanatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana kuchitunda. Kumtunda kwa galasi matope anali atayamba kale kutsika, akumeza minda.

"Fulumirani," ananong'ona Zione. "Chonde, achimwene, fulumirani."

Kanayamba kuyenda, phewa likutsika, likukwera. Sikanathamange, mwendo uja sunkalola. Matope anameza mango, anameza nyumba, anameza munda wa nandolo kamunthuko katangoudutsa. Pa mjigo anakanyambita ku chidendene. Eneti ankangoti, "Bwerani, bwerani, bwerani," ngati mayi wolimbikitsa mwana woyamba kuyenda. Chitunda chinali chotalika kuposa mmene Zione anachijambulira, kapena mwina zinangooneka choncho. Kanakwera. Kanatsetsereka, kanadzuka. Matope anafika m'tsinde mwa chitunda, anazungulira, n'kuima.

Kamunthu kanafika pakhomo la tchalitchi. Ulendo uno sikanayang'ane pakati pa gulu. Kanaima n'kuyang'ana kunja kwa galasi, kumene kunali iwo.

Batire linatha, chipinda chinada bii.

Palibe amene anasuntha. Zione akuti kumbuyo kwawo, chapakhomo, kunkamveka madzi akudontha pa simenti, to, to, ngati kuchokera ku chovala chonyowa. Sanacheuke, ndipo Eneti sanacheukenso. Lusia yekha ndiye anasiya kulira, anasuzumira pa phewa la mayi ake, n'kuyamba kuyankhula zake zosamveka zija, mofatsa, ngati akufotokozera munthu nkhani yaitali. Kenako kunamveka mpweya umodzi wautali, wonga wa munthu amene watula katundu wolemera pambuyo pa ulendo. Kudontha kuja kunaleka. Fungo la dothi linachepa, linachepa, mpaka kunatsala fungo la mvula wamba ndi la mbatata zimene anaphika masana.

Eneti anagona pomwepo pa mphasa, mwana ali m'manja, mvula ikugwabe padenga. Anagona tulo tofa nato, mpaka kuliza mkonono.

Magetsi atayaka m'mawa, Zione anatsekula laputopu n'kudina batani. Tianthu tonse tinakwera chitunda, tonse ta nambala pamutu, tonse toyenda mofanana. Palibe kanatembenuka. Anadinanso, anadinanso, akufunafuna phewa lotsika. Atatsimikiza kuti mulibe, anaika mutu pa mpando n'kulira ngati kamwana. Sabata yonse ankapempha kuti zithe, koma tsopano zitatha anazindikira kuti wamutayadi mchimwene wake. Eneti anabwera n'kukhala pambali pake, akumusisita pamsana.

"Asiyeni apume, alamu. Atopa anthu aja."

Lolemba Vitumbiko anapeza gemu ili bwinobwino. Anafunsa kuti wakonza bwanji, Zione anati, "Ndinaitana akuluakulu." Mnyamatayo anamuyang'ana, anagwedeza mutu, n'kupita kukateleka tiyi wa anthu awiri.

Eneti anakhala masiku angapo, kenako anati akawauze akuluakulu akumudzi kuti akonze mwambo uja. Zione anamuperekeza ku depoti, atabereka Lusia iyeyo. Kondakitala akulongedza katundu, Eneti anakhala pawindo, n'kuyamba kuseka yekha.

"Mukuseka chiyani, alamu?"

"Ndakumbukira chinkhoswe chathu. Inu munali kusukulu, simunaone. Anthu anasonkhana kuyambira m'mawa, nkhuku zinapsa, ankhoswe anayamba kuyang'anana. Amalume anga anati mnyamatayu wathawa. Ine ndinalowa m'nyumba kukalira. Dzuwa litapendeka ndi pamene anatulukira, suti yobwereka ili fumbi lokhalokha, akukankha njinga yophulika tayala. Anali atapereka lifiti kwa gogo wina wodwala, mpaka kuchipatala."

Minibasi inalira, inayamba kusuntha. Eneti anatulutsa dzanja pawindo n'kugwira la Zione, akuyenda nalo pang'ono.

"Achimwene anu anali ochedwa pa chilichonse, alamu," anatero, maso ali onyowa koma akumwetulira. "Koma ankafika."